Za malo ogona ndi mayendedwe a ku Kulamba

Achimwene, mwafunsa ngati mungapeze pogona ku Katete mukafika Lachisanu lomwelo la Kulamba. Musayerekeze. Mwambowu umachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amadzaza tauni yaing'onoyo masiku angapo zisanayambe. Ine ndikuti kagoneni ku Chipata, komwe malo ogona alendo ndi ambiri, koma imbani foni kudakali milungu ingapo, mulipireko pang'ono kuti chipinda akusungireni. Lonjezo la pakamwa nthawi imeneyi siligwira.

Kuchokera ku Lilongwe kwerani minibasi ya ku Mchinji, kenako matakisi okafika pachipata cha Mwami. Pasipoti kapena chiphaso chodutsira m'malire chikhale m'thumba, ndipo sinthani ndalama chifukwa kutsidyako kwacha yathu sayifuna.

Loweruka dzukani kusanache. Msewu wa Great East umathina dzuwa likakwera, ndipo madzulo anthu amalimbirana galimoto, mitengo n'kukwera. Gwirizanani ndi woyendetsa takisi mmodzi wodzakutengani, mutenge nambala yake. Musaiwale juzi, mphepo ya Ogasiti imaluma m'mawa.