Mtsikana wa zaka 16 ali ndi pakati: kodi azidya pang'ono kuti mwana asakule kwambiri m'mimba?

Kalata ya lero yachokera kwa mayi wina amene akusunga mwana wa mchimwene wake. Ndaifupikitsa, koma mawu ake ndi awa:

"Mtsikanayu ali ndi zaka 16 ndipo ali ndi pakati pa miyezi inayi. Anabisa mpaka ndinazindikira ndekha. Ndi wochepa thupi, ndiye agogo ake akuti azidya pang'ono kuti mwana asanenepe m'mimba, angadzavutike pobereka. Kusikelo sanayambe, akuti akuchita manyazi. Kodi agogowa akunena zoona?"

Azakhali, chimene agogo akuopa ndi chenicheni, koma njira imene aipezayo ingamuvulaze mdzukulu wawo. Mtsikanayo adye, ndipo adye bwino kuposa wina aliyense pakhomopo.

Mafupa a m'chiuno mwa mtsikana amapitirira kukula ngakhale patapita zaka atayamba kusamba. Njira ikachepa, mutu wa mwana umatha kukanirira, matenda n'kutalika tsiku lonse kapena awiri. Mutuwo ukapanikiza chikhodzodzo nthawi yaitali, mnofu umafa n'kuboola, ndipo mayi amatsala akungotuluka mkodzo osatha kuugwira. Ndiyo fisitula imeneyo. Agogo mwina anaonapo zotere ndi maso awo, choncho musawaseke.

Vuto ndi loti njala sichepetsa kwenikweni mutu wa mwana. Chakudya chikamaperewera, thupi la mwana wosabadwayo limateteza ubongo poyamba. Manja, miyendo ndi mimba ndi zimene zimaonda, mutu umakulabe. Mapeto ake mumakhala ndi mwana wofooka, mutu wake uli pafupifupi momwemo, ndi mayi wopanda mphamvu komanso wochepa magazi. Mayi wotereyu akataya magazi pobereka, ngakhale amene wina akanapirira, iye moyo umakhala pachiswe.

Kumbukiraninso kuti m'thupi limodzimo muli ana awiri amene akukula. Mzimayi wa zaka 25 anamaliza kumanga mafupa ake, chimene wadya chimapita kwa iye ndi kwa khanda basi. Wanuyu mafupa akukhwimabe, ndiye iye ndi mwanayo akulimbirana mbale imodzi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti ana obadwa kwa amayi osafika zaka 20 amakhala pachiopsezo chachikulu chobadwa masiku asanakwane kapena osafika makilogalamu 2.5, ndipo amayiwo amagwidwa kwambiri ndi vuto lokomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi poyerekeza ndi a zaka 20 mpaka 24. Si nkhani ya pakhomo panu pokha: bungwe lomweli linawerengera kuti m'chaka cha 2019 atsikana pafupifupi 21 miliyoni a zaka 15 mpaka 19 anatenga pakati m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene.

Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu si agogo ayi, koma sikeloyo. Kuyambira 2016, WHO imalangiza kuti woyembekezera aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu, ulendo woyamba usanapitirire masabata 12. Wanuyu wadutsa kale pamenepo. Apite sabata ino, ndipo mupite naye inuyo. Atsikana ambiri amaopa maso a amayi akuluakulu pamzere kuposa matenda amene sakuwaona, koma akakhala ndi munthu wamkulu pambali, manyazi amachepa. Kumeneko akamuyeza magazi, kuthamanga kwa magazi, mkodzo, HIV ndi chindoko, akamubaya katemera wa kafumbata, ndipo ngati mukukhala kudera la malungo akayamba kumupatsa Fansidar ndi neti yonyikidwa m'mankhwala. Mankhwala a njoka za m'mimba amaperekedwanso miyezi itatu yoyamba ikadutsa, chifukwa njoka zina zimayamwa magazi.

Akamupatsanso mapiritsi owonjezera magazi, okhala ndi ayironi wa mamiligalamu 30 mpaka 60 pamodzi ndi vitamini wotchedwa folic acid, oti azimwa tsiku lililonse. Apa ndiime pang'ono, chifukwa mapiritsi amenewa ndi amene amathera pansi pa matiresi. Amatha kuchititsa nseru, kudzimbidwa, ndipo chimbudzi chimada bii. Mtsikana amene sanachenjezedwe amaganiza kuti akumudwalitsa, n'kusiya mwakachetechete. Muuzeni nokha kuti kudako si matenda. Ngati nseru yavuta, ayese kumwa madzulo pokagona kapena atadyako kanthu. Asamwere tiyi kapena khofi, ndipo zakumwa zimenezi azizitalikitsa ndi nthawi ya chakudya, popeza zimatchinga ayironi kulowa m'thupi. Chipatso chowawasa ngati lalanje chimachita zosiyana, chimathandiza kuti alowe. Magazi a woyembekezera amachuluka ndi pafupifupi theka, ndiye chakudya chokha kawirikawiri sichikwanitsa.

Za chakudya sindikupatsani ndandanda yodula. Chofunika ndi kusinthasintha, osati kudzaza mimba ndi chinthu chimodzi. Tsiku lisathe opanda masamba obiriwira, chipatso, ndi chimodzi mwa izi: nyemba, mtedza, dzira lopsa bwino, nsomba, nyama kapena mkaka. Mchere ukhale wa ayodini, chifukwa ubongo wa mwana umaufuna. Awonjezere chakudya kamodzi patsiku pamwamba pa mmene amadyera, ndipo ngati chifuwa chikumuotcha, azidya pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Mowa ndi fodya ayi, mankhwala osachokera kwa azaumoyo ayinso. Chinanso choti muyang'anitsitse ndi amene amayamba kugawiridwa pakhomopo. Mtsikana amene wakhumudwitsa banja nthawi zambiri amadya komalizira, mwina amadzibisa m'chipinda ena akamadya, ndipo palibe amene amaona kuti wagona ndi njala. Kukalipa kuli ndi nthawi yake, koma kusalowe m'mbale.

Mukaona mutu wosamva mankhwala, maso akuchita chidima, nkhope ndi manja zatupa, magazi kapena madzi akutuluka kumaliseche, thupi latentha, kapena mwana wasiya kugunda m'mimba, musadikire kuti kuche. Thamangani kuchipatala.

Tsono yankho lenileni la mantha a agogo ndi ili: adzachirire kuchipatala chimene chingathe kuchita opaleshoni, kapena chimene chingamutumize msanga kumene amachita. Konzani mayendedwe tsiku lisanafike. Matenda akamatalika azamba amaona, ndipo mwana amatulutsidwa fisitula isanachitike. Ine ndikanakhala inu ndikanawatenga agogowo ulendo umodzi wa kusikelo kuti akamve okha kwa anamwino. Mawu ochokera kwa inu angawaone ngati mwano.

Mwana akabadwa, ayamwe mkati mwa ola loyamba, ndipo mkaka woyamba wachikasu uja usatayidwe, ndiwo chitetezo chake choyamba. Miyezi 6 ayamwe bere lokha, popanda madzi kapena phala, kenako ayambe zakudya zina akuyamwabe mpaka zaka 2 kapena kupitirira. Anthu adzanena kuti mawere a mtsikana ndi aang'ono, mkaka sungakwane. Si zoona, mkaka umabwera malinga ndi mmene mwana akuyamwira. Akabadwa wochepa thupi, adzamuphunzitsa kumufungatira pachifuwa khungu kwa khungu, njira ija amati ya kangaroo.

Asanatuluke kuchipatala akambirane za njira zolera, ngakhale nkhaniyo ikukuvutani kuitchula. Pakati pachiwiri pobwera zaka 2 zisanathe pangapeze thupi lisanabwezeretse magazi amene linataya. Funsaninso msanga kusukulu kwake za ndondomeko yobwererera akadzachira, ndipo mugwirizane pabanja amene azidzatsala ndi khanda iye akakhala m'kalasi.