Kuchepetsa kuwala kwa sikirini mukasiya kugwira kompyuta

Mwafunsa ngati pali kapulogalamu kochepetsa kuwala kwa sikirini mukasiya kugwira kompyuta yanu ya Linux. Kalipo ndithu: ndi swayidle, kamene kamagwira ntchito limodzi ndi brightnessctl, kapulogalamu kosintha kuwala. Ngati mumagwiritsa ntchito Sway (pulogalamu yoyendetsa mawindo) pa Wayland (dongosolo loonetsera zinthu pa sikirini), lembani izi mu terminal (windo lolembamo malamulo):

swayidle timeout 120 'brightnessctl -s set 20%' resume 'brightnessctl -r'

Pakatha masekondi 120 osagwira kompyuta, kuwala kumatsika kufika pa 20%. Kachilembo ka -s kamasunga mlingo umene munali nawo, ndipo -r amaubwezeretsa mukangokhudza mausi kapena batani.

Pa X11 (dongosolo lakale loonetsera zinthu pa sikirini) mudzafunika kasikiripti (kafayilo ka malamulo) kowerenga xprintidle, amene amanena m'mamilisekondi nthawi imene mwakhala osagwira kompyuta. Koma chonde musadalire lamulo la xrandr --brightness pochepetsa kuwala. Ameneyu amangodetsa chithunzi, nyali ya sikirini n'kumayakabe chimodzimodzi, batire n'kumathabe msanga.