Fumbi la chilimwe ndi tomato wa kudimba

Bambo wina wa ku Malindi, amene dimba lake lili m'mbali mwa msewu wa ku Makanjira, wafunsa kuti: "Alangizi, kumwamba kwachita mbuu, usiku kukutentha osagoneka, masamba a tomato wanga atuwa ndipo akufota. Ndinamva pa wailesi za fumbi la m'chipululu cha Sahara. Kodi ndi limeneli? Kumunda ndinasosa bwinobwino, mapesi ndinatentha mu Ogasiti."

Bambo, mawu anu omalizawo ndi amene andiwawa. Mwatentha mapesi, nthaka mwaisiya pambalambanda, lero mlandu mukuupereka kwa Sahara?

Fumbi la Sahara lilipodi. Lambiri limanyamuka m'chigwa cha Bodélé ku Chad, mphepo ya Harmattan n'kuliulutsira ku Nigeria ndi Ghana kuyambira Novembala mpaka Malichi, lina n'kuwoloka nyanja ya Atlantic kukatera ku nkhalango ya Amazon ku South America. Njira yake ndi ya kumadzulo. Lathu lino ndi la m'minda yathu yomwe, la m'misewu, kuphatikiza utsi wa moto wolusa ndi wa osaka mbewa. Likachuluka m'mwamba limatchingako dzuwa masana, koma limamwa kutentha n'kufunditsa mpweya, ndipo usiku limabweza kutentha kochoka m'nthaka. Ku Mangochi kuno, kotentha kale mu Okutobala, zimangowonjezera. Tinthu take tating'onoting'ono timalowa m'mapapo. Pitani kuchipatala cha pa boma muone mmene ana ndi odwala mphumu akutsokomolera.

Za tomato, sindikukayika: ndi akangaude ofiira, tizilombo ting'onoting'ono toyamwa madzi a m'masamba. Amakonda kouma, kotentha ndi kwafumbi. Tembenuzani tsamba, muona timadontho toyenda ndi tiulusi. Zaka za m'mbuyomu ndaona madimba a m'mbali mwa msewu akuyamba kugwidwa, a mkati akadali obiriwira. Fumbilo limatsekanso timabowo topumira masamba.

M'mamawa tsukani masamba ndi madzi a m'kheni, makamaka kunsi kwake. Masamba owonongeka kwambiri thotholani mukwirire. Mankhwala a akangaude alipo kwa ogulitsa zipangizo zaulimi, botolo masauzande angapo, koma ine changa ndi kuphimbira. Yalani udzu wouma pamabedi onse: chinyezi chimakhalitsa, nthaka imazizira, fumbi silinyamuka. Mbali ya kumsewu mangani mpanda wa udzu, mvula ikagwa mubzalepo udzu wa vetiva ndi mitengo ya gilirisidiya.

Udzuwo mukapemphe kwa anzanu amene sanatenthe. Chaka chamawa mapesi agone m'munda.