Musanafunse za galu, mufunse kaye za nkhosa

Achemwali a ku Dundee, kalata yanu ndinaiwerenga Lachisanu usiku, ndipo tulo tinandithawa. Mwati muli ndi galu wa mtundu wa Border Collie wa miyezi 10 m'nyumba ya lendi, munaona mpikisano wa agalu okusa nkhosa pa chionetsero cha zaulimi, mtima unakhumbira, ndiye mukufunsa ngati munthu wopanda famu, wopanda nkhosa, wakuda komanso wobwera, angalowe nawo. Funso lomalizalo munalilemba mwamanyazi, ngati mukupepesa. Ndi limene landikhudza, chifukwa inenso ndinayenda nalo mumtima zaka ziwiri ndisanalimbe mtima kukaima pa chikhomo chimene mbusa amaimapo polamula galu wake pa mpikisano.

Ine ndinakulira ku Dedza, ndikuweta mbuzi za agogo anga aamuna m'munsi mwa phiri. Kwathu galu anali wa pakhomo ndi wa uzimba. Galu wothamangitsa mbuzi ankakwapulidwa, akabwereza ankatayidwa. Choncho nditafika kuno ku Scotland n'kupeza ganyu ya nyengo yobereka nkhosa pa famu ina ya m'mapiri kufupi ndi Hawick, zimene ndinaona m'mawa woyamba zinandiuma pakamwa. Mdala wina, mbusa wa pafamupo, anangoimba mluzu kamodzi. Galu ananyamuka, osalunjika kumene kuli nkhosa ayi, koma kukhotera kutali, kukwera phiri mozungulira mpaka ndinasiya kumuona. Patapita kanthawi phiri lonse linayamba kutsika, nkhosa za mtundu wa Cheviot zoyera mbee zikubwera mondondozana, galu ali pambuyo, mutu pansi, akunyang'ama, osauwa ngakhale kamodzi. Ine amene ndinkatha tsiku lathunthu ndikugenda mbuzi ndi zibuma kuti zichoke m'munda wa eni, ndinaima chilili, misozi ili m'maso.

Ganyu ya masabata asanu ndi limodzi ija inasanduka ntchito, ndipo chaka chachiwiri mdalayo anandipatsa Nell. Sanandipatse chifukwa anali galu wabwino koposa. Anali wamantha, wofewa mtima, ukangokweza mawu ankagona pansi n'kuiwala zonse. Enawo sankamufuna. Ine ndinamulandira ndi manja awiri.

Ndinaphunzira mawu ake onse mwachangu. "Come bye" kuti azungulire nkhosa mbali imene muvi wa wotchi umalowera, "away to me" kuti azungulire mbali inayo, "lie down" kuti aime, "walk on" kuti aziyandikire, "that'll do" kuti ntchito yatha abwere. Ndinagula wenzulo kakang'ono kamene abusa a kuno amaika mkamwa, ndipo ndinatha mwezi wathunthu ndikungotulutsa malovu kasanalire. Katalira ndinadziona ngati ndafika. Nyengo yozizira itakwana ndinalembetsa mpikisano wa nursery, umene ndi wa agalu ongoyamba kumene, pa munda wina wamatope, mphepo ikudula makutu.

Nditangotsika m'galimoto, bambo wina anandiyandikira n'kundilozera kumtunda kwa munda, kumene anyamata otulutsa nkhosa amakhala. Ankaganiza kuti ndabwera kudzagwira ntchito imeneyo. Galu ali pachingwe m'manja mwangamu, ndodo ili kukhwapa. Sananene mwachipongwe, ndipo atazindikira anapepesa, koma mawuwo analowa, ndipo ndinakaima pa chikhomo mtima utadzaza ndi chinthu chimodzi chokha: lero aone. Achemwali, palibe poizoni woposa ameneyo pa masewera awa. Galu amamva zimene zili pachifuwa panu musanatsegule pakamwa.

Nell ananyamuka bwino, anazungulira mokongola, anafika kuseri kwa nkhosa. Apo m'pamene pamafunika kudekha, chifukwa mphindi imene nkhosa zimakumana ndi galu koyamba ndi imene zimasankha kumulemekeza kapena kumuopa. Ine ndinaona nkhosa imodzi ikupendekera kumanzere ndipo ndinakuwa. Ndinakuwanso. Nell anasokonezeka, analowa pakati pa nkhosa, zinabalalika, imodzi inathamangira ku mpanda, iye anailuma paubweya. Woweruza anatuluka m'galimoto yake n'kundikodola kuti ndichoke. Galu akaluma nkhosa popanda chifukwa, mpikisano wanu wathera pomwepo. Ulendo wochoka pa chikhomo kupita kuchipata, anthu ali chete, ndi wautali kuposa wina uliwonse umene ndinayendapo. Ndipo chimene chimandipweteka mpaka lero si manyaziwo. Ndi mmene Nell ankayendera pambuyo panga, mchira pakati pa miyendo, akuganiza kuti wolakwa ndi iye.

Mdala uja sanandikalipire. Lolemba lake anandiuza kuti galu atsale m'khola mwake, ndipo kwa masabata awiri ndizisamutsa nkhosa 20 kuchoka m'munda wina kupita wina ndi miyendo yanga yokha. Ndinakwiya, ndinkaona ngati akundinyoza. Koma kumeneko n'kumene ndinaphunzira zonse zimene ndikudziwa. Ndinaona kuti nkhosa iliyonse ili ndi malire ake osaoneka: ukawaponda imasuntha, ukabwerera phazi limodzi imaima. Ndinaona kuti m'gulu lililonse muli imodzi yotsogolera, nthawi zambiri yaikazi yachikulire, ndipo ukatembenuza mutu wa imeneyo zinazo zimatsatira zokha. Ndinaona kuti khutu limanena kumene nkhosa ikufuna kulowera mwendo usananyamuke. Ndinaona kuti zonse zimakokedwa ndi china chake, kaya ndi chipata chimene zinalowera, kaya ndi zinzake zimene zikulira kuseri kwa mpanda, ndipo galu wanzeru amaima mbali imene kukokako kuli, ngakhale inu mukuona ngati waima polakwika. Tsiku lija Nell anali pamalo oyenera. Amene sankaona ndinali ine.

Mbuzi za agogo sizinandiphunzitse zimenezi, chifukwa mbuzi ndi nyama ina. Mbuzi ukaipanikiza imakuyang'ana, imakwera mwala, iliyonse imalowera kwake. Nkhosa ukaipanikiza imafuna zinzake. Komabe pali chimene ndinabwera nacho kuchokera kumudzi chimene anzanga ambiri okulira m'tauni kuno alibe: kukhala tsiku lonse ndi ziweto osatopa, maso ali pa izo. Ngati nanunso munawetako, kapena munakusako nkhuku madzulo kuti zilowe m'khola, musadzichepetse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndiye apa ndinene zimene ena sangakondwe nazo. Mpikisano uwu si wa agalu. Ndi wa nkhosa. Woweruza amayang'ana mzere umene nkhosa zikuyenda, ngati uli wowongoka, ngati zikuyenda mosatekeseka, ndipo pamene zapatuka amachotsa mapointi. Mumayamba ndi mapointi onse, inu n'kumawataya nokha. Pa mpikisano wa dziko lonse nkhosa zimakhala zisanu, pa mtunda wa mayadi 400, nthawi ndi mphindi 15, mapointi 110 kwa woweruza aliyense: 20 pa kuzungulira kukafika kuseri kwa nkhosa, 10 pa kuziyambitsa kuyenda, 20 pa kuzibweretsa kwa mbusa kudzera pachipata chapakati, 30 pa kuzikankha kutali ndi mbusa kudutsa zipata ziwiri, 10 pa kupatula ziwiri mkati mwa bwalo, 10 pa kuzilowetsa m'kakhola, ndi 10 pa kupatula imodzi yokha. Taonani bwino, palibe chimene chili pamenepo chongosangalatsa oonerera. Chilichonse ndi ntchito imene mbusa amagwira paphiri: kutsitsa gulu, kulipititsa ku msipu wina, kupatula yodwala, kuitsekera. Munthu amene sakonda nkhosa, amene amaziona ngati mpira woti galu wake azisewera nawo, ndikanakonda akanapeza masewera ena. Ndaonapo anthu akuthamangitsa nkhosa zomwezomwezo kasanu pa tsiku mpaka malilime panja, kuti galu wawo "atope". Zimenezo ndi nkhanza, ndipo sindisintha mawu.

Anthu amene anayambitsa izi ankadziwa. Mpikisano woyamba wodziwika ku Britain unachitikira ku Bala, ku Wales, mu October 1873, ndipo anapambana ndi mbusa wa ku Scotland ndi galu wake Tweed. Anali abusa akuyesana pa ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Patapita zaka 20, mu 1893, ku Northumberland kunabadwa galu wotchedwa Old Hemp, woweta wake Adam Telfer. Agalu ambiri a nthawi imeneyo ankagwira ntchito ndi phokoso, koma Hemp ankayendetsa nkhosa mwakachetechete, ndi diso lokha, ndipo magazi ake ali mwa pafupifupi Border Collie aliyense lero, kuphatikizapo amene wagona pa kapeti panupo. Bungwe la International Sheep Dog Society (ISDS) linakhazikitsidwa mu 1906 ku Haddington, ndipo cholinga chake chinali kukweza agalu a ntchito kuti ziweto zisamalidwe bwino. M'kaundula wake galu salowa chifukwa cha kukongola kwa ubweya. Ndimapita chaka chilichonse chimene ndingathe kukaonera mpikisano wa International, kumene England, Ireland, Scotland ndi Wales amatumiza agalu 15 dziko lililonse. Tsiku lomaliza nkhosa zimakhala 20 m'magulu awiri, kutali mayadi 800, ndipo galu atabweretsa gulu loyamba amauzidwa "look back", asiye nkhosa zimene wazivutikira, atembenuke, akafune zina zimene mwina sakuziona n'komwe. Galu amatembenuka chifukwa amakhulupirira munthu wake. Nthawi iliyonse ndikaona zimenezo pakhosi pamandigwira.

Chikhulupiriro chimenecho sichigulidwa, ngakhale masiku ano ndalama zalowerera. Mu February 2020 galu wamkazi wotchedwa Megan anagulitsidwa pa msika wa Skipton pa mtengo wa £18,900, n'kupita ku America. Sindikudandaula ndi oweta, thukuta lawo ndi lenileni. Koma ndimaona anthu obwera ndi galu wophunzitsidwa kale, wamtengo wa galimoto, n'kumadabwa kuti pakatha miyezi itatu galuyo wasiya kumva. Galu wotere amatsika mpaka pa msinkhu wa amene wamugwira. Nell anabwera kwa ine waulere, ndipo patatha zaka zitatu chichitikire chamanyazi chija tinatenga malo achinayi pa mpikisano wa open, umene galu aliyense angalowe, kufupi ndi Peebles. Kakhadi kake kali pakhoma. Amene anayamba kudzandigwira chanza anali bambo uja wondilozera kumtunda kwa munda.

Za khungu ndi za kukhala mlendo ndikuuzeni zoona zokhazokha. Mudzakhala nokha wakuda pamundapo, pafupifupi nthawi zonse. Adzakuyang'anani. Ena sadzakupatsani moni chaka choyamba, ndipo simudzadziwa ngati ndi tsankho kapena ndi chikhalidwe cha anthu a m'mapiri, amene ngakhale mnzawo wa mudzi woyandikana amamutcha mlendo. Koma ndaona ndi maso anga kuti anthu amenewa amagonja pa zinthu ziwiri: kusamala nkhosa, ndi kubweranso sabata yotsatira mutalephera. Amayi ndi ambiri ndithu pa mipikisano masiku ano, ndipo amapambana, choncho chimenecho chisakudetseni nkhawa.

Nanga muyambire pati?

Choyamba, musamumasule galuyo pa nkhosa za munthu kuti "muone ngati ali nazo". Kuno ku Scotland lamulo linakhwimitsidwa mu 2021: galu wanu akathamangitsa kapena kuvulaza ziweto mungathe kulipitsidwa mpaka £40,000, kapena kukhala m'ndende miyezi 12, kapena zonse ziwiri. Nkhosa ya bere ikathamangitsidwa ingathe kutaya mwana ngakhale isanalumidwe.

Pezani mphunzitsi amene ali ndi nkhosa zozolowera agalu. Ku Angus ndi ku Perthshire, kufupi ndi kwanuko, ndi dera la nkhosa, ndipo a ISDS angakulozereni. Miyezi 10 ndi msinkhu wabwino woti akamuone. Mphindi 10 kapena 15 pa nkhosa zimakwana pa tsiku kwa galu wamng'ono. Akakuuzani kuti galuyo alibe chidwi ndi nkhosa, mumve, chifukwa si Border Collie aliyense amene ali nacho. Yang'anani ngati ali ndi mapepala a ISDS. Mipikisano ya m'madera ambiri simawafunsa, koma ya dziko lonse imafuna. Kamodzi pa sabata n'kochepa, sindikunamizani, ndiye muyenera kupanga ubale ndi mlimi, ndipo khomo lake ndi ntchito. March ndi April, nthawi yobereka, manja amasowa pa famu iliyonse.

Ndipo mpikisano wotsatira umene muumve, galu mumusiye kunyumba. Valani majombo, mufike isanakwane 8 koloko, mufunse mlembi ngati akufuna munthu wothandiza kutulutsa nkhosa kumtunda kwa munda. Ntchito yomwe ija imene ine inandipsetsa mtima, chaka chatha ndinaipempha ndekha. Mukakhala kumeneko tsiku lonse mudzaona agalu 40 kapena 50 akufika kuseri kwa nkhosa pafupi ndi mapazi anu, ndipo pofika masana mudzayamba kudziwa amene ayende bwino mbusa wake asanaimbe mluzu wachiwiri. Mukabwerako mundilembere, mundiuze mtundu wa nkhosa zimene zinalipo.