Kodi maloboti "oganiza" angathetse kuthithikana kwa magalimoto?

Bambo wina wa ku Area 25 ku Lilongwe wandilembera imelo. Akuti amanyamuka m'mamawa kusanache kuti akafike ku Old Town nthawi yabwino, ndipo wamva kuti kunja kuli maloboti oganiza okha. Akufunsa: "Tikawaika kuno, vutoli litha?"

Achimwene, zimene mwamvazo n'zoona. Maloboti wamba amayendera wotchi: mbali ino masekondi akutiakuti, inayo chimodzimodzi, kaya kuli galimoto kaya kulibe. Oganizawo ali ndi mawaya okwiriridwa pansi pa phula kapena makamera owerenga magalimoto, ndiye kompyuta imawonjezera nthawi ya nyali yobiriwira kumene mzere watalika. Ku Sydney anayamba zimenezi m'ma 1970 ndi njira yotchedwa SCATS, yomwe mizinda yambiri inadzagula. Kunena zoona, wapolisi amene amakupiza mkono pa mphambano dzuwa likumuotcha amachita ntchito yomweyo, kungoti iye saona zimene zikuchitika pa mphambano yotsatira.

Komatu loboti limangogawa nthawi. Misewu inayi yonse ikadzaza, ligawa chiyani?

N'chifukwa chake mizinda ina inagwira anthu m'thumba. Singapore inayamba mu 1998 kudula ndalama kudzera pa kachipangizo ka m'galimoto, mtengo n'kumakwera nthawi yopita ndi yoweruka ku ntchito. London inatsatira mu February 2003: mapaundi 5 patsiku kuti ulowe pakati pa mzinda, makamera akujambula nambala ya galimoto iliyonse. Ku Stockholm anayesa mu 2006, magalimoto n'kuchepa ndi pafupifupi 20 pa 100 alionse, ndipo anthu a mumzindawo anavota kuti zipitirire.

Musafulumire kuomba m'manja. Kumeneko wosiya galimoto kunyumba amakwera sitima kapena basi yobwera pa nthawi yake. Inuyo atakulipiritsani pa M1, mukwera chiyani? Minibasi yomwe ili mumzere womwewo, nayonso ikuima pakati pa msewu kondakitala akuitanira munthu amene akadali kutsidya.

Ine ndikanayamba ndi zotsika mtengo. Maloboti akhale a sola ndi mabatire, kuti magetsi akazima asazime nawo. Maminibasi ndi akabaza apatsidwe pokwezera anthu pambali pa msewu. Zikatero, makamera ndi kompyuta ziyesedwe kaye pa mphambano zitatu kapena zinayi zoyandikana za msewu umodzi, tione ngati mungamanyamuke kunyumba mutamwako tiyi.