Calcium carbonate ndi soda ash pa kasitomu: nambala yake imatsata kapangidwe

Achimwene, mwati mukuitanitsa matumba a calcium carbonate ndi a soda ash a pa fakitale yanu ya penti ndi sopo, wogulitsa walemba 2836.50 pa invoyisi ya ufa woyerawo, koma ejenti wanu akuumirira kuti malo ake ndi mu Chaputala 25 cha buku la manambala a katundu pa kasitomu, ndiye mukufuna kudziwa amene akulondola. Pa zimene mwalembazi, aliyense wa awiriwa atha kukhala akulondola. Chimene chingathetse mkangano ndi funso limene simunalikhudze: ufawo anaupanga bwanji?

Manambalawa amachokera ku bungwe la World Customs Organization (WCO) la ku Brussels, ndipo dongosolo lake, lotchedwa Harmonized System kapena HS, linayamba kugwira ntchito mu 1988. Manambala 6 oyambirira ndi ofanana m'maiko onse amene amalitsata, otsatirawo dziko lililonse limawonjezera lokha. Choncho mukaona nambala yaitali pa pepala lochokera ku India kapena ku China, tengani 6 oyambawo, enawo muwapeze m'buku la misonkho la MRA. Ndipo nambala ya wogulitsa si lamulo kuno. Iye anailemba potulutsa katundu kwawo. Amene adzayankhe mafunso pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza ndi inu, chifukwa dzina lili pa mapepala olowetsera katundu ndi lanu.

Calcium carbonate ali ndi malo atatu m'bukumo, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagwera.

Ngati ufawo ndi mwala wokumba pansi umene angouphwanya, kuupera, kuutsuka ndi kuusefa, ndi wa mu Chaputala 25, ngakhale utayera bwanji kapena kusalala bwanji. Lamulo loyamba la chaputalachi limalola kutsuka, kupera ndi kusefa, koma sililola kuwotcha kapena kusakaniza ndi zina. Mkati mwake mumayang'ananso mtundu wa mwalawo: choko ndi 25.09, ufa wa mwala wa marble ndi 2517.41, mwala wa laimu wopita kukapangira laimu kapena simenti ndi 25.21, dolomite ndi 25.18. Ogulitsa amautchula GCC (ground calcium carbonate, kutanthauza wopera), ndipo mafakitale ambiri a penti amagula umenewu chifukwa ndi wotsika mtengo.

Mtundu wachiwiri ndi umene amati PCC (precipitated calcium carbonate, kutanthauza wodikhitsa). Uwu amaupanga ndithu: amawotcha mwala wa laimu, laimuyo amamuthira madzi, kenako amapopera mpweya wa carbon dioxide m'madzi oyerawo mpaka ufa watsopano utadikha pansi. Umenewu ndiye mwini wake wa 2836.50, mu Chaputala 28 cha makemikolo. Ogulitsa ena amalemba 2836.50 pa thumba lililonse lokhala ndi mawu oti calcium carbonate chifukwa ndi pamene mawuwo akuonekera m'buku, koma mabuku ofotokozera a WCO amanena momveka kuti mwala wa laimu ndi choko chachilengedwe, chotsuka kapena chopera, sizilowa pamenepo. Kuyera kwa ufa, kapena kulembedwa kuti ndi 98 peresenti, sikuuchotsa mu Chaputala 25.

Wachitatu ndi umene umaiwalika kwambiri, ndipo inu a penti ndi anzanu a mapulasitiki muusamale. Pali ufa umene timibulu take amatikuta ndi mafuta a stearic acid kuti tisamamwe madzi komanso tizisakanikirana bwino ndi pulasitiki. Ukatero wachoka ku 28.36, wapita ku 38.24, kumene kumakhala zosakaniza za m'mafakitale. Pa pepala la wogulitsa yang'anani mawu oti coated, treated kapena activated. Mutha kuyesanso nokha ndi zitsanzo zimene anakutumizirani: thirani ufa pang'ono m'kapu ya madzi. Wokutidwa umayandama pamwamba osanyowa, wamba umanyowa n'kumira. Kuyesa kumeneku si umboni woti mungapite nawo ku MRA, koma kumakuuzani choti mufunse.

Pa soda ash nkhani ndi yopepukirapo. Dzina lake m'buku ndi disodium carbonate, nambala 2836.20, kaya ndi wopepuka amene opanga sopo waufa amakonda, kaya wolemera wa opanga magalasi. Wina atha kunena kuti soda ash wa ku Sua Pan ku Botswana kapena wa ku nyanja ya Magadi ku Kenya ndi wachilengedwe, ndiye apite ku Chaputala 25. Ayi. Zimene amatenga m'nyanjamo amaziwotcha mu ng'anjo kuti zisanduke soda ash, ndipo kuwotchako ndiye kumazitulutsa mu Chaputala 25. Chimene chingatsale kumeneko ndi trona, soda wachilengedwe wosawotcha, pa 25.30.

Chonde musalole kuti pa invoyisi alembe mawu oti soda okha. Soda amene amayi amathira m'therere ndi sodium bicarbonate, 2836.30. Caustic soda amene timapangira sopo wamtanda si carbonate n'komwe, ndi sodium hydroxide wa pa 28.15, ndipo ndi katundu woopsa amene ali ndi malamulo ake a kanyamulidwe. Zinthu zitatu izi kwathu kuno timaziitana dzina limodzi, koma pa kasitomu ndi mizere itatu yosiyana. Ngakhale chidulo cha agogo chili ndi abale ake m'bukumo, chifukwa mphamvu yake yambiri ndi potassium carbonate, amene wa m'fakitale wake ali pa 2836.40.

Poti ena m'gulu muno amaitanitsa zina za banja lomweli: barium carbonate ndi 2836.60, lithium carbonate 2836.91, strontium carbonate 2836.92. Ammonium bicarbonate wa opanga mabisiketi ali pa 2836.99, pamodzi ndi sodium percarbonate wa m'sopo wochotsa madontho. Mukakumana ndi 2836.10 pa pepala lililonse, dziwani kuti wolembayo akugwiritsa ntchito buku lakale, chifukwa nambalayo anaichotsa mu 2007. HS amaikonzanso pafupifupi zaka zisanu zilizonse, ndipo kukonza kwaposachedwa kumene kukugwira ntchito ndi kwa 2022.

Chaputala 28 chimafuna kemikolo imodzi payokha. Chimalola tizitsotso totsalira popanga, kusungunula m'madzi, ndi kamankhwala koletsa ufa kuundana kapena kuuluka ngati fumbi. Mukangosakaniza dala kuti chigwire ntchito ina, chachoka. Bicarbonate wosakaniza ndi asidi ndi sitachi ndi baking powder, 2102.30. Soda ash wosakaniza ndi zochititsa thovu ndi sopo wochapira wa pa 34.02. Bicarbonate kapena calcium carbonate woumbidwa m'mapilisi a chilungulira amapita ku mankhwala, 30.04.

Ine ndikanakhala inu, katundu asanakwere sitima kapena lole ndikanamulembera wogulitsa kuti anditumizire mapepala atatu: certificate of analysis, technical data sheet ndi safety data sheet. M'kalatayo ndikanafunsa mosazungulira kuti ufawu ndi wopera kapena wodikhitsa, wachokera ku mwala wanji, ndipo ndi wokutidwa kapena ayi. Nambala ya CAS, imene kemikolo iliyonse imadziwika nayo, imathandizako: 497-19-8 ndi soda ash, 144-55-8 ndi bicarbonate, 471-34-1 ndi calcium carbonate, pamene 1317-65-3 ndi mwala wa laimu. Mukaona yomalizayi, ejenti wanu ali ndi mfundo yamphamvu. Koma musaidalire yokha, poti ena amalemba 471-34-1 ngakhale pa ufa wopera. Kenako mupemphe kuti pa invoyisi alembe zonse, mwachitsanzo kuti ndi ufa wa marble wopera, wosakutidwa, matumba a makilogalamu 25. Mawu ofanana akhale pa invoyisi, pa packing list ndi pa satifiketi yosonyeza dziko lochokera. Izi n'zofunika kwambiri ngati mukufuna kuchotseredwa msonkho kudzera mu SADC kapena COMESA, chifukwa nambala ya pa satifiketiyo ikasiyana ndi imene ejenti walowetsa mu ASYCUDA, dongosolo la pa kompyuta la kasitomu, lole imaima pamalire ndipo tsiku lililonse loima mumalipira ndinu.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse ndi choti musasankhe nambala poyang'ana imene ili ndi msonkho wochepa. A MRA ali ndi mphamvu yotenga chitsanzo kukapima, komanso yobwera kudzaona mabuku anu katundu atatuluka kale. Akapeza kuti nambala inali yolakwika, mumalipira msonkho wotsala ndi chindapusa pamwamba, ndipo amayang'ananso makontena onse akumbuyo amene munalowetsa pa nambala yomweyo. Njira yolondola yochepetsera msonkho ilipo: monga opanga zinthu, funsani za Industrial Rebate Scheme, muone ngati fakitale yanu ingalembetsedwe ndiponso ngati zipangizo zanuzi zikulowamo.

Mapepala aja akabwera n'kupezeka kuti inu ndi ejenti simukugwirizanabe, lemberani a MRA kalata, muikemo mapepalawo ndi chitsanzo cha ufa, muwapemphe akuyankheni molemba, ndipo yankholo mulisunge m'faelo ya katunduyo. Mukafuna, ikani chithunzi cha technical data sheet pansi pano, mutabisa mitengo ndi dzina la wogulitsa, tione limodzi ngati ndi wa Chaputala 25, 28 kapena 38.