Funsani Tikuyankheni: Tsiku Limodzi pa Doko la Mandraki

FUNSO: Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndimakhala ku Bangula. Mwana wathu wamkazi amene ndi namwino ku Ulaya wati atitenge, ine ndi mayi akunyumba, paulendo wa sitima yapamadzi mu Julaye. Sitimayo ikaima tsiku limodzi lokha pachilumba cha Rhodes ku Greece. Ndinkaphunzitsa ana za chiboliboli chachikulu chimene chinkaima chotangadza pakhomo la doko la kumeneko, zombo n'kumadutsa pansi pake. Chatsalapo n'chiyani choti ndikaone? Nanga mayi akunyumba, amene mawondo amawavuta, akakwanitsa kuyenda?

YANKHO: Aphunzitsi, chibolibolicho kulibe, ngakhale kachidutswa. Chinali fano lamkuwa la Helios, mulungu wawo wa dzuwa, lotalika mamita pafupifupi 33. Eni chilumba analimanga pothokoza kuti adani amene anawazinga m'zaka za 305 ndi 304 Khristu asanabadwe anabwerera manja ali m'khosi. Ntchito inatha cha m'ma 280, koma fanolo silinathe n'zaka 60 zomwe lili chilili. Chivomezi cha m'ma 226 chinalithyola m'mawondo, ndipo zidutswa zinagona pansi zaka mazanamazana anthu akubwera kudzazidabwa.

Za kutangadzazo musadziimbe mlandu, chifukwa mabuku ambiri a kusukulu anajambula choncho. Akatswiri amakana. Kuti amisiri aliumbe pakhomo la doko, zombo zikanaleka kulowa zaka zonse za ntchitoyo, ndipo pogwa likanatseka njira. Koma olemba akale amati linagwera pamtunda. Pamalo pamene alendo amalozeranapo lero pali zipilala ziwiri, china chili ndi gwape wamwamuna wamkuwa, china wamkazi. Jambulitsani pamenepo, ana anu a sukulu akale asangalala, koma musatherepo m'mawa wonse.

Doko lenilenilo, lotchedwa Mandraki, ndi limene ndikufuna mukalione modekha. Sitima zikuluzikulu za alendo siziima mmenemo. Zimakocheza padoko lina chakum'mawa, ndipo kufika ku Mandraki mumayenda pang'ono motsatira linga la mzinda. Mukafika mupeza khoma lalitali lolowa m'nyanja, lotchinga mafunde. Pakhomapo pali mphero zitatu zamiyala zoyendera mphepo, zimene zinkapera tirigu wotsitsidwa m'zombo pomwepo. Kumapeto kwake kuli linga laling'ono la St Nicholas, lomangidwa m'zaka za m'ma 1460, ndipo pamwamba pake pali nyali yolondolera zombo usiku. Linga limeneli ndi limene asilikali a ku Turkey analimenya ndi mizinga mu 1480 koma osalilanda. Mukaima pamenepo n'kucheukira kumtunda, mumvetsa chimene ankalimbirana: amene wagwira pakamwa pa doko wagwira mzinda, pakuti chakudya, malonda ndi chithandizo cha nkhondo zonse zinkadzera panyanja. Kunja kukayera bwino mapiri a ku Turkey amaoneka tsidya lija, makilomita osakwana 20.

Ife a kuchigwa kuno nkhani ya madoko imatigunda pamtima. Lathu la pa Nsanje linatsegulidwa ndi chikondwerero mu Okutobala 2010, ndipo za zombo zimene zaimapo mukudziwa nokha. Rhodes anali ndi mwayi wokhala panjira ya amalonda ochokera ku Egypt ndi Syria opita kumpoto, choncho zombo zinkabwera zokha. Ngakhale mtumwi Paulo anadzera pomwepo. Tsegulani Machitidwe 21:1 muona, ndipo chipata china cha linga pafupi ndi doko chimatchedwa dzina lake.

Nyumba zokongola zimene zandanda m'mbali mwa Mandraki zisakupusitseni kuti n'zamakedzana. Msika waukulu wotchedwa Nea Agora ndi tchalitchi cha Evangelismos anazimanga a ku Italy, amene analanda chilumbachi mu 1912. Chinakhala mbali ya Greece nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha.

Zakale zenizeni zili m'kati mwa linga la mzinda, limene kuzungulira kwake ndi makilomita pafupifupi 4. Analimanga molimba chonchi ndi asilikali achipembedzo a gulu la Yohane Woyera, amene poyamba ntchito yawo inali kusamalira odwala mwa anthu opita ku Yerusalemu. Anatenga Rhodes cha m'ma 1309 n'kukhalapo zaka zoposa 200. Mu 1522 mfumu Suleiman ya ku Turkey inawazinga pafupifupi miyezi 6 mpaka anagonja. Anawalola kuchoka amoyo pa 1 Januwale 1523, ndipo kenako anakakhazikika ku Malta. N'chifukwa chake m'kati muno mupeza tchalitchi apa, mzikiti apo, ndi sunagoge wa Kahal Shalom wa mu 1577 chakum'mawa. Ayuda a m'dera limenelo anatengedwa ndi a Germany mu Julaye 1944, ndipo obwerako anali ochepa kwambiri. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika mzindawu pamndandanda wa malo otetezedwa mu 1988, koma si malo ongoonera, anthu akukhalamo ndithu, akuchapa ndi kuyanika zovala m'tinjira take.

Kwa ine, chimene simuyenera kuchiphonya ndi chipatala cha asilikali aja, chimene tsopano amasungiramo zinthu zakale. Chipinda cha odwala n'chachikulu modabwitsa, ndipo mwana wanu namwinoyo akachiona sadzafuna kutulukamo. Nyumba yachifumu ya mkulu wa gululo ili pamwamba pa mzinda ndipo ndi imene imakopa anthu ambiri, koma dziwani kuti yoyambayo inaphulika ndi wonga mu 1856. Imene mukaioneyo anaimanganso a ku Italy m'zaka za m'ma 1930. Ngati nthawi kapena ndalama yolowera ikulola malo amodzi okha, ine ndingasankhe chipatala.

Tsopano za amayi. Misewu ya m'kati ndi ya timiyala tobulungira ta kunyanja, toterera ndiponso topweteka kuphazi. Nsapato zakutchalitchi zitsale m'sitima, avale zofewa zokhala ndi mphira wokhuthala. Msewu wotchuka wa asilikali aja, umene uli ndi nyumba zogonamo za magulu awo monga a ku France, Italy ndi Spain, ndi wokwera kuchokera kuchipatala kukafika kunyumba yachifumu. Alendo ambiri amaukwera. Inu mutenge takisi ikakutsitseni kunja kwa chipata cha d'Amboise chakumtunda, muoloke ngalande youma ya linga, kenako muzitsika pang'onopang'ono mpaka kudoko. Kutsetsereka nakonso kumavuta mawondo, choncho ndodo isatsale, koma malo okhala pansi n'kumwa madzi alipo ambiri m'munsimo. Khoma la ku Mandraki lija ndi lathyathyathya, amayi akayendapo bwinobwino.

Dzuwa la Julaye munthu wa ku Bangula silingamuopseze, likufanako ndi lathu la mu Okutobala, kungoti kumeneko kumawomba kamphepo ka kunyanja. Vuto ndi lakuti kwathu masana timakhala pamthunzi, pamene mlendo amakakamira kuyenda. Tsikani m'sitima m'mamawa anthu asanadzaze, muyambe ndi mzinda, masana mudye mutakhala, ndipo ku Mandraki mupite dzuwa litapendeka. Padokopo mupeza maboti oitanira anthu ku Lindos ndi ku chilumba cha Symi. Ndi malo abwino, koma amatha tsiku lonse, inu muwasiye.

Greece ili m'gulu la mayiko a Schengen, mayiko a ku Ulaya olowamo ndi viza imodzi, ndipo ndalama yake ndi euro. Ndi pasipoti ya Malawi mufunika viza, choncho mwana wanu ayambe zimenezo miyezi idakalipo. Aonenso ngati sitimayo ikaima ku Turkey, pakuti limenelo ndi dziko lina la malamulo akeake. Potsika mulembe papepala nthawi yomwe alengeze kuti aliyense akhale atabwerera, ndipo mubwereko ola lathunthu isanakwane. Sitima zimenezi zimanyamuka ngakhale wina atatsalira kumtunda.